Paipi ya Pulasitiki Ikakhalitsa Padzuwa: Mmene Mungatetezere Madzi Akumwa Pakhomo Panu

Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, monga limachitira mu Okutobala, tsegulani mpopi wapanja cha m'ma 1 koloko masana, muike dzanja. Ngati madzi oyamba kutuluka ali otentha ngati opangira tiyi, kenako n'kuyamba kuzizira pakapita kamphindi, ndiye kuti penapake paipi yanu ili pamtetete, dzuwa likuiwamba. Tungani madzi oyambawo m'kapu yagalasi muwanunkhize. Nthawi zina amamveka kafungo ka ndowa yatsopano, ndipo mukalawa amasiya kakomedwe kachilendo kukhosi. Ambiri timangoti ndi mmene madzi a m'mipopi amakhalira. Si choncho ayi. Madziwo akhala maola angapo akufunda m'kati mwa pulasitiki, ndipo atengako zina za m'pulasitikimo.

Ine nkhaniyi inandigwira mtima kwa azakhali anga ku Chigwa cha Shire. Paipi yochokera pathanki inadutsa m'mphepete mwa mpanda, mamita pafupifupi 25, yosakwirira. Mmisiri amene anaiika anati abweranso kudzakumba ngalande, koma sanaonekenso. Patatha zaka zitatu, paipi ija, imene poyamba inali yabuluu, inali itatuwa mbuu kumtunda, pamene kunsi kogunda dothi mtundu unali uli chikhalire. Nditaipukuta ndi chala, chalacho chinatuluka choyera ngati ndagwira choko. Sabata yomweyo mwana anagwetserapo njerwa, paipi n'kuthetheka ngati phale. Azakhali sanadandaule za paipi. Anandifunsa kuti, "Mwananga, ndiye madzi amene takhala tikuphikira phala la kamdzukuluka ndi omwewa?" Funso limenelo ndi limene ndikufuna kuyankha pano.

Zimene dzuwa limachita pa paipi

M'kuwala kwa dzuwa muli cheza china chosaoneka ndi maso, chotchedwa UV. Si chimene chimatenthetsa. Chimakhalapo ngakhale mu Juni kunja kukuwomba mphepo yozizira, ndipo mitambo yopyapyala siichitchinga kwenikweni. Mphamvu yake imakula mukamakwera kumtunda, pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 alionse, choncho wa ku Dedza kapena ku Mzuzu asamati za dzuwa n'za anthu a ku Nsanje.

Pulasitiki ndi timaunyolo tating'onoting'ono tolukanalukana, ndipo UV imadula timaunyolo timeneti. Pa paipi ya PVC, pulasitiki yolimba ija yolumikiza ndi guluu, khungu lakunja limasuluka, limachita chikasu kapena kutuwa, kenako limayamba kufumbutuka ngati ufa. Kuwonongekaku sikulowa kwambiri, sikufika ngakhale milimita imodzi, moti paipi imapitirizabe kusunga madzi. Chimene chimatha ndi kupirira kwake ikagundidwa: timing'alu tosaoneka tapakhungupo timakhala poyambira mng'alu waukulu. N'chifukwa chake paipi ya azakhali inasweka ndi njerwa imodzi.

Tsono apa pali mfundo imene ndikufuna muigwire bwino. UV imadya kunja, koma kutentha ndiko kumalowa mpaka m'kati. Pulasitiki ikatentha, mankhwala amene ali m'thupi mwake amayenda mosavuta n'kulowa m'madzi, makamaka madziwo akangokhala phee osayenda. Ndiye adani ndi atatu ndipo amayendera limodzi: dzuwa, madzi ogonera m'paipi, ndi paipi yosayenera madzi akumwa.

Mankhwala ake ndi ati? PVC amaipanga kuchokera ku mpweya wotchedwa vinyl chloride, ndipo pang'ono pokha umatsalira m'paipi. Mpweyawu umayambitsa khansa ya chiwindi. Zinadziwika bwino mu 1974, anthu ogwira ntchito pafakitale ina ya PVC ku Louisville, m'dziko la America, atapezeka ndi khansa imeneyi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati vinyl chloride isapose maikulogalamu 0.3 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a galamu. Ofufuza a ku Saudi Arabia, m'kafukufuku amene anatuluka mu 2001, anadzaza madzi m'zidutswa za paipi ya PVC, zina n'kuziika padzuwa, zina pamthunzi. Patatha masiku 30, m'madzi a zapadzuwazo anapezamo maikulogalamu 2.5 pa lita. Madziwo anakhala mwezi wathunthu osayenda, zimene sizichitika pampopi wotsegulidwa tsiku ndi tsiku, koma taganizirani za sukulu yotsekera tchuthi, kapena nyumba imene eni ake apita kumudzi.

Chachiwiri ndi mtovu, chitsulo chapoizoni chimene pa Chingelezi amati lead. Pokonza paipi ya PVC amathiramo mankhwala oteteza kuti pulasitiki isapse m'makina, ndipo kwa zaka zambiri mankhwala otchipa komanso ofala anali a mtovu. Mafakitale a m'mayiko a European Union anausiya pofika kumapeto kwa 2015, ndipo kuyambira mu Novembala 2024 lamulo lawo silikulola PVC yokhala ndi mtovu wofika 0.1 peresenti. Koma m'mayiko ena akuugwiritsabe ntchito, ndipo mapaipi athu amachokera kosiyanasiyana. Malire a WHO a mtovu ndi maikulogalamu 10 pa lita, ngakhale bungwe lomwelo limanenetsa kuti palibe mlingo wa mtovu umene tinganene kuti ndi wabwinobwino m'thupi la mwana. Umasokoneza kakulidwe ka ubongo, ndipo mayi woyembekezera amaupatsira kwa khanda lili m'mimba. Suoneka, sununkha, sumveka pakamwa.

Mapaipi akuda a HDPE, mtundu wina wa pulasitiki wotha kupindika, alibe vinyl chloride, koma nawonso ali ndi mankhwala owateteza kuti asakalambe msanga, ndipo tizidutswa ta mankhwalawo ndi timene kawirikawiri timabweretsa kafungo kaja.

Ndinene poyera, kuopa kuti wina angandimve molakwika: paipi yabwino, yovomerezeka, yokwiriridwa pansi, imatulutsa zochepa kwambiri moti si zodetsa nkhawa. Musathawe madzi a pampopi n'kubwerera kumtsinje kapena pachitsime chosatetezedwa. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo majeremusi amapha m'masiku ochepa. Zimene tikukambirana pano ndi zokonza madzi abwino kuti akhale abwino kwenikweni.

Choyamba: yendani motsatira paipi

Yambirani pamita ya madzi, kapena pathanki ngati muli ndi pampu ya sola, mulondole paipi mpaka pampopi womaliza. Chitani zimenezi masana kuti muone pamene dzuwa likugunda. Malo obisika amene anthu amaiwala ndi awa: pamene paipi yatuluka pansi kukwera kumita, pamene yakwera ndi kutsika pamiyendo ya thanki, kuseri kwa bafa, padenga ngati muli ndi giza ya sola, ndiponso paliponse pamene madzi a mvula anakokolola dothi n'kuisiya poyera. Yezani kutalika kwa chigawo chilichonse chapadzuwa, ngakhale ndi mapazi, mulembe.

Paipi ya kunja kwa mita, yochokera kumsewu, ndi ya bungwe lopereka madzi m'dera lanu. Musaikhudze, kanenani kuofesi kwawo. Kumudzi, kauzeni a komiti ya madzi.

Chachiwiri: werengani zolembedwa pa paipi

Paipi yeniyeni ya madzi imadzitchula yokha. M'litali mwake mumakhala mutadindidwa dzina la wopanga, mtundu wa pulasitiki, kukula kwake m'mamilimita, mphamvu ya madzi imene ingapirire, yolembedwa kuti PN kapena Class, ndi nambala ya muyezo umene inatsata. Pa PVC mungaone ISO 1452 kapena SANS 966. Pa HDPE, ISO 4427. Zina zimakhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, cha SABS ya ku South Africa, kapena NSF 61 ya ku America. Paipi imene ilibe cholembedwa chilichonse, ine sindiikhulupirira, ngakhale wogulitsa alumbire bwanji.

Mukatero mudziwa gulu limene paipi yanu ili. PVC yolimba, kaya yabuluu, yoyera kapena yotuwa, ndi yabwino pansi pa nthaka koma padzuwa imafuna chovala. HDPE yakuda, imene nthawi zambiri imakhala ndi mizere yabuluu, amaisakaniza ndi mwaye wapadera wotchedwa carbon black, maperesenti 2 mpaka 2.5, umene umatsekereza UV. Imeneyi imapirira dzuwa kwa zaka zambiri. Vuto lake n'lakuti chakuda chimakoka kutentha, moti masana simungathe kuigwira ndi dzanja, ndipo madzi a m'katimo amatentha kuposa a m'paipi ina iliyonse. PPR, yobiriwira ija yolumikiza ndi makina otenthetsa, komanso PEX yofewa, ndi za m'nyumba ndi m'khoma. Padzuwa zimakalamba msanga. PEX ndiye yosalimba n'komwe: opanga amangoilola kukhala padzuwa kwa milungu kapena miyezi yowerengeka.

Pali mapaipi ena amene sayenera kunyamula madzi akumwa ngakhale muwakwirire mozama bwanji, ndipo pa awa sindinyengerera. Woyamba ndi kondyuti, paipi yodutsitsamo mawaya a magetsi. Ndi yotchipa, imafanana ndi ya madzi, ndiye amisiri ena amaiika mwakachetechete. Palibe amene anaiyeza ngati ili yoyenera kukhudza madzi akumwa. N'chimodzimodzi paipi yopyapyala yotayira madzi a m'sinki ndi m'bafa. Palinso paipi yakuda yopanda mizere, yopanda dzina, yogulitsidwa pamkukutu kuti muzithirira dimba. Zambiri zotere amazipanga posungunula mapulasitiki akale, ndipo simungadziwe kuti m'mapulasitikimo munali chiyani. Pomaliza ndi hozi yothirira maluwa. PVC yake amaifewetsa ndi mankhwala otchedwa phthalates, amene samamatirira kwenikweni ku pulasitikiyo ndipo amatuluka mosavuta ikatentha. Ana amakonda kumwera pahozi akamasewera. Aletseni. Musadzazirenso mtsuko wa madzi akumwa ndi hozi imene yagona padzuwa.

Chachitatu: onani ngati paipi ikadali yopulumutsika

Ipukuteni ndi nsalu yonyowa ya mtundu wakuda. Ngati pansalupo patsala kaufa pang'ono koma paipi ili yosalala, ingapulumuke. Kandani ndi chikhadabo: ngati khungu likusupuka ngati mamba, kapena mukuona timing'alu ngati ta m'dambo louma, yatha, isintheni. Fananizani mbali ya kumtunda ndi ya kunsi. Onaninso ngati yapindika kapena kulendewera pakati pa zogwiriza, chizindikiro chakuti yakhala ikufewa ndi kutentha. Mphamvu yolembedwa pa PVC ija amaiyezera pa madzi ozizira a madigiri 20. Akafika madigiri 45, mphamvuyo imatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposerapo.

Ngati muli ndi kachidutswa kotsala, kayeseni motere: tsekani mbali imodzi ndi chikhatho, suzumirani mbali inayo muli padzuwa. Paipi yabwino m'kati mumakhala mdima bii. Ngati kuwala kukudutsa, ndiye kuti dzuwa likufika pamadzi penipeni, ndipo mudzapezamo ndere.

Musayese kulimba kwake poimenya ndi chitsulo madzi ali m'kati. PVC yokalamba imasweka n'kuulutsa zidutswa zakuthwa.

Chachinayi: zoti muyambe lero, musanawononge ndalama

Tayani madzi ogonera musanatunge akumwa ndi ophikira. M'mawa uliwonse, komanso masana paipi ikatentha, tsegulani mpopi mpaka madzi azizire, kenako muwasiye ayendebe kwa theka la mphindi. Ngati mukufuna kudziwa kuchuluka kwake, paipi ya mamilimita 20 imasunga pafupifupi kapu imodzi pa mita iliyonse, ya mamilimita 25 gawo limodzi mwa atatu a lita, ya mamilimita 32 kupitirira pang'ono theka la lita. Choncho mamita 30 a paipi ya mamilimita 20 ali ndi malita 6 okha. Mukachulukitsa kawiri kuti mutsimikize, ndi ndowa imodzi ya malita 20 yongopitirira theka.

Ndikudziwa kuti bilu ya madzi imawawa. Madzi amenewa sikuti mukuwataya: tcherani ndowa, mukolopere, muchapire, muthire kuchimbudzi kapena pamaluwa. Akumwa a tsiku lonse tungani m'mawa kukadali kozizira, musunge mumtsuko kapena m'ndowa yovindikira, m'nyumba, pamthunzi. Mukabwera kuulendo wa masiku angapo, kapena sukulu ikamatsegulira, tsegulani mipopi yonse kwa mphindi zisanu musanamwe.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti kuwiritsa kumachotsa choipa chilichonse. Kumapha majeremusi, inde, koma mtovu suchoka. Madzi akamaphwera ndi nthunzi, mtovuwo umatsala m'madzi ochepa. Klorini kapena WaterGuard nazonso ndi za majeremusi, osati mtovu. Pitirizani kuzigwiritsa ntchito pa ntchito yake, koma musaganize kuti zakonza vuto la paipi. Mkaka wa m'chitini wa khanda ndi phala la mwana muzipangira madzi ozizira amene mwatunga mutataya ogonera, kenako muwawiritse. Madzi otentha a m'giza ndi osamba, si ophikira.

Chachisanu: ikwirireni

Pa njira zonse, iyi ndiye yoposa, ndipo imangofuna khasu, piki ndi thukuta. Pansi pa nthaka palibe UV, ndipo kutentha sikusinthasintha. Madzi oyenda okha kuchokera kumapiri, amene anayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968 n'kufalikira ku Mulanje ndi madera ena, anthu a m'midzi ankakumba okha ngalande zake, makilomita ndi makilomita, chifukwa ankadziwa kuti moyo wa paipi uli pansi.

Pabwalo la nyumba kumbani ngalande yakuya masentimita 45 mpaka 60, kunena kwake kufika m'bondo mwa munthu wamkulu. Podutsa galimoto kapena ngolo fikani pafupi ndi mita imodzi, kapena lowetsani paipiyo m'kati mwa paipi ina yaikulu yolimba. M'munda, onetsetsani kuti khasu silingaipeze. Kukanda pamwamba n'kuwazapo dothi la masentimita 10 si kukwirira. Mvula imodzi idzaivundukula, ndiponso dothi lapamwamba limatentha lokha.

Chotsani miyala yonse pansi pa ngalande, muyalepo mchenga kapena dothi losefa lokwana masentimita 10. Goneketsani paipi. Ngati ndi HDPE, musaikoke kuti iwongoke ngati chingwe choyanikira zovala. Isiyeni iyende mokhotakhota pang'ono ngati njoka. Imatalika ikatentha n'kufupika ikazizira, ndipo mkukutu umene mwauyala masana, usiku udzafupika n'kusolola polumikizira. Pachifukwa chomwechi, kwirirani m'mawa kapena madzulo. Thirani mchenga wina masentimita 10 pamwamba, koma malo olumikizira muwasiye poyera. Tsegulani madzi, dikirani ola limodzi muone ngati pali podontha, kenako malizitsani kukwirira mukupondaponda pang'onopang'ono. Musanafike pamwamba, ndandikani njerwa kapena tepi ya mtundu wowala kuti wokumba mtsogolo aone chenjezo asanagunde paipi. Jambulani ngalandeyo pafoni isanatsekedwe. Pakatha zaka ziwiri palibe adzakumbukire pamene inadutsa.

Paipi ya madzi akumwa isagone m'ngalande imodzi ndi ya zonyansa, ndipo isadutse pafupi ndi dzenje la chimbudzi. Isadutsenso pamene pamatayikira petulo, dizilo kapena oilo, monga pagalaja kapena pachigayo. Mafuta otere amalowerera m'dothi ndipo amatha kudutsa khoma la HDPE mpaka kufika m'madzi, paipi ili yosabooka.

Chachisanu ndi chimodzi: pamene simungakwirire

Paipi yokwera kuthanki kapena yodutsa pakhoma singapite pansi. Ngati ndi PVC, ipakeni penti. Itsukeni ndi madzi a sopo kuchotsa fumbi ndi kaufa kaja. Ikhuleni pang'ono ndi sandipepa yosalala yonyowetsa, kuti fumbi lake lisauluke, poti ngati paipiyo ili ndi mtovu, fumbilo lilinso nawo. Ana akhale patali, ndipo musambe m'manja mukamaliza. Ikauma, pakani penti wamadzi wa panja, wa acrylic, kawiri, kudikira kuti woyamba aume. Sankhani woyera kapena wowala kuti abweze kutentha. Pakani mozungulira monse ndi m'malo olumikizira momwe. Penti wamafuta wosungunulira ndi thina musamugwiritse ntchito: thina amatha kufooketsa PVC, ndiponso kafukufuku wina anapeza mtovu wambiri m'mapenti ena amafuta ogulitsidwa m'Malawi. Penti akayamba kusupuka, bwerezani.

Pa HDPE ndi PPR penti sagwira bwino. Zimenezi zivekeni. Mungazilowetse m'paipi ina yokulirapo, yopaka penti woyera, kuti pakati pakhale mpata wa mpweya. Mungazikulunge ndi thovu lokutira mapaipi, koma thovulo lokha limafumbutuka padzuwa, ndiye likuteninso ndi tepi ya aluminiyamu. Kapena mangani kangalande ka njerwa m'mphepete mwa khoma n'kuvindikira. Kumudzi ndaonapo nsungwi yong'ambidwa pakati itavindikira paipi bwinobwino. Imafuna kusintha chiswe chikaidya, koma ntchito imagwira. Pepala lakuda la pulasitiki lokulunga mothina silithandiza, limangowonjezera kutentha.

Ngati n'kotheka, samutsani paipi idutse kumene kuli mthunzi wa denga. Kwathu kuno khoma loyang'ana kumwera ndi limene limalandira dzuwa lochepa pachaka, pamene la kumadzulo ndi limene limapsa kwambiri masana. Pamene paipi ikuwoloka khwawa kapena kutuluka pansi kupita kumpopi wapanja, ikanipo chidutswa chachitsulo cha galavanaizi. N'chokwera mtengo, koma ndi mita imodzi kapena awiri, ndipo sichiopa dzuwa, mbuzi kapena moto wolusa.

Thanki nayo ndi pulasitiki

Mathanki abwino amawapanga ndi mankhwala oteteza ku UV, ndipo ambiri m'kati amakhala akuda kuti kuwala kusalowe. Tsegulani chivindikiro masana, musuzumire: ngati makoma akuwala, ndere zidzamera. Kadenga ka malata kapena ka udzu pamwamba pa thanki, kosiya mpata woti mphepo izidutsa, kamatsitsa kutentha kwa madzi ndipo kamatalikitsa moyo wa thankiyo. Madzi ofunda amathetsanso klorini msanga n'kupatsa mpata majeremusi. Migolo yabuluu yogula kumsika, imene simukudziwa chimene munali poyamba, musasungiremo madzi akumwa.

Polumikiza: guluu inde, moto ayi

Tonse tinaonapo pulambala akuwotcha nsonga ya PVC pamoto wa mapepala mpaka ifewe, n'kulowetsamo inzake. Zimapulumutsa ndalama ya soketi, koma m'kati mwa nsongayo mumatsala pulasitiki yopserera, yakuda, imene madzi anu azidutsamo tsiku lililonse, ndipo malowo amakhala ofooka. Utsi wakenso ndi woopsa kuupuma. Gulani masoketi ndi zigongono zenizeni. Muuzeni mmisiri ntchito isanayambe: "Achimwene, zolumikizira ndagula, pano tisayatsepo moto."

Guluu wa PVC naye ali ndi mankhwala amphamvu, mumamva ndi fungo lake. Pakani wochepa, wosanjikiza bwino, wosati wochita kuyenderera m'kati. Gwirirani ntchito pamalo opita mphepo. Mukalumikiza, dikirani maola 24 musanatsegule madzi ndi mphamvu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako tsegulani mipopi yonse madzi ayende kwa mphindi 10 kapena kuposerapo. Paipi yatsopano imatulutsa zambiri m'masiku oyambirira kuposa nthawi ina iliyonse, choncho sabata yoyamba muzitaya madzi ogonera mosaphonya, ndipo musamwe kufikira fungo la guluu litatheratu.

Pogula

Mahadiweya ambiri amaimika mapaipi panja kuti odutsa awaone, ndipo ena amakhala pamenepo miyezi. Musatenge apamwamba pa mulu. Pemphani a m'kati mwa sitolo, muwatembenuze muone ngati mbali imodzi yasuluka. Funsani mosachita manyazi: "Bambo, imeneyi ndi ya madzi akumwa? Ndione nawo zolembedwazo." Ngati pa PVC palembedwa kuti ilibe mtovu, kapena wogulitsa angakuonetseni pepala la wopanga lonena zimenezo, tengani imeneyo ngakhale ikwere pang'ono. Kagulireni nokha kapena pitani limodzi ndi mmisiri, chifukwa kondyuti imalowa m'nyumba za anthu pamene mwini wangopereka ndalama n'kukhala.

Mukafika nawo kunyumba ntchito isanayambe, agonekeni pamalo osalala, pamthunzi. Ngati mulibe malo, afunditseni ndi lona yowala koma nsonga zake mphepo izidutsa.

Ngati mukufuna kuyezetsa madzi

Ngati pakhomo pali khanda kapena mayi woyembekezera, ndipo mapaipi ndi akale osadziwika mtundu, kuyezetsa mtovu n'kwanzeru. Chimodzimodzi pasukulu, pamkombaphala kapena pachipatala chaching'ono. Funsani ku Malawi Bureau of Standards ku Blantyre, ku Central Water Laboratory ya boma ku Lilongwe, kapena kulabotale ya bungwe lopereka madzi m'dera lanu. Muyezo wa madzi akumwa wa dziko lino ndi MS 214. Nenani mwachindunji kuti mukufuna ayeze mtovu, chifukwa mukangoti "ndiyezereni madzi" angangoyang'ana majeremusi ndi mchere. Botolo mukatenge kwa iwo. Tungani kawiri: botolo loyamba likhale la madzi oyambirira amene agona usiku wonse kapena atentha masana, lachiwiri la madzi otuluka pambuyo pa mphindi zisanu. Ngati loyamba lokha ndi limene lili ndi mtovu wambiri, gwero lili m'mapaipi kapena m'mipopi ya pakhomo panu, ndipo musaiwale kuti mipopi ina yamkuwa nayo imakhala ndi mtovu. Ngati onse awiri ali nawo, vuto likuchokera kutali, kanenani kwa opereka madzi. Vinyl chloride imafuna makina apadera ndi timabotolo tagalasi todzaza mosasiya mpweya, ndiye funsiranitu musanatunge.

Paipi yakale imene mwachotsa musaiponye padzala loti mudzayatsa, ndipo musakolezere moto. PVC ikamapsa imatulutsa utsi wa asidi wolasa m'maso ndi m'chifuwa, komanso poizoni wotchedwa dioxin amene amatsalira m'phulusa ndi m'dothi. Ngati ili yofumbutuka, ana asaseweretse. Zidutswa zolimba zingagwire ntchito yovekera paipi yatsopano pamalo oonekera, mutazipaka penti.

Mvula yoyamba yamphamvu ikagwa mu Novembala kapena Disembala, dothi la m'ngalande yatsopano limatitimira ndipo pena limakokoloka. M'mawa mwake tengani fosholo, muyendenso mzere wonse kuchokera pamita mpaka pampopi, muthire dothi pamene patsika, ndipo pamalo otsetsereka mudzalepo udzu wa vetiva kapena muyale miyala kuti madzi asakumbenso.